Mapiri a ku Wales mu Okutobala: ndikajambule bwanji ndi kamera yozolowera dzuwa la Harare?

Mnyamata wa ku Mufakose

Akuluakulu, moni nonse. Pakati pa Okutobala ndikupita kukaona mlongo wanga amene amagwira ntchito kufupi ndi Bangor, kumpoto kwa Wales. Ndikakhalako milungu iwiri, masiku atatu omalizira ndili ku Cardiff. Ndikufuna kubwerako ndi zithunzi za mapiri zoti n'kupachika pakhoma, osati zongoponya pa WhatsApp. Zida zanga ndi izi: Nikon D5600, lenzi ya 18-55 imene inabwera ndi kamerayo, lenzi ya 70-300, tripod yopepuka, batire limodzi. Fyuluta ndilibe ngakhale imodzi.

Chikundizunguza mutu ndi ichi. Phiri lawo lalitali koposa, Yr Wyddfa, limene ambiri amalidziwa kuti Snowdon, ndi mamita 1,085 okha. Harare yathu ino ili pa mamita pafupifupi 1,500, ndiye kuti woyenda mu First Street ali pamwamba kuposa amene waima pansonga pa phirilo. Nanga bwanji pa zithunzi mapiri amenewa amaoneka oopsa kuposa Nyangani? Ndi kajambulidwe, kapena ndi mmene alili? Ndiuzeni poti ndikaime, nthawi yake, katcheredwe ka kamera, ndi choti ndigule ndisananyamuke. M'thumba ndi mochepa, musandilembere sitolo yonse.

Madala a ku Mbare

Achimwene, mamitawo asakupusitseni. Diso limayeza phiri kuchokera patsinde pake. Nyangani ndi mamita 2,592 inde, koma wakhala pa mtunda umene uli kale m'mwamba. Yr Wyddfa amayambira pa mudzi wa Llanberis, umene uli mamita 100 ndi pang'ono pamwamba pa nyanja yamchere, choncho pafupifupi kilomita yathunthu ya phiri imaima pamaso panu. Komanso matanthwe athu ngati Domboshava ndi osalala, ozungulira ngati msana wa njovu. A kumeneko anasemedwa ndi madzi oundana kalekale, n'kusiya misana yakuthwa ndi zigwa zooneka ngati mphika wosweka mbali imodzi, kanyanja kali pansi pake. Chigwa chotero amati cwm, nyanja ndi llyn, mtsinje ndi afon, mpata wa pakati pa mapiri ndi bwlch. Mawu anayiwa muwasunge, mapu onse ndi odzaza nawo, ndipo kuyambira mu 2022 oyang'anira malowa amalemba maina a chinenero chawo, dera lonse la mapiriwa Eryri m'malo mwa Snowdonia, Yr Wyddfa m'malo mwa Snowdon. Pamwamba mitengo palibe, udzu nkhosa zimameta, ndiye mafupa a phiri amaoneka onse.

Koma nkhani yaikulu ndi dzuwa. Harare ili madigiri 18 kum'mwera kwa equator, Eryri ali madigiri 53 kumpoto. Kuno mu Okutobala dzuwa limatuluka cha m'ma 5:30 n'kukwera molunjika ngati likuthawa ngongole. Pakatha theka la ola kufiira kuja kwatha, masana lili paliwombo, madigiri oposa 80. N'chifukwa chake tonse tinazolowera kujambula mothamanga m'mamawa, kenako kamera m'chikwama mpaka 5 koloko madzulo. Kumeneko pakati pa Okutobala limatuluka cha m'ma 7:40, kulowa cha m'ma 6:20, ndipo limakwera chopendekera. Ngakhale masana enieni silifika madigiri 30. Tsiku lonse kuwala kumabwera cham'mbali, mithunzi ndi yaitali, makwinya onse a phiri ali poyera. Musatseke chikwama 9 koloko monga timachitira kuno. Chisisiranso chimatha mphindi pafupifupi 35, pamene chathu ndi 20 ndi pang'ono, ndiye dzuwa likalowa musathamangire kugalimoto, mitambo imayamba kufiira pambuyo pake.

China chimene chimatembenuza mutu wa munthu wa kuno: masana dzuwa la kumeneko limakhala kum'mwera chaka chonse, pamene lathu miyezi yambiri limakhala kumpoto. Chigwa chilichonse choyang'ana kumpoto chimakhala mumthunzi pafupifupi tsiku lonse m'nyengo imeneyi. Musanapite pamalo, tsegulani pulogalamu ya PhotoPills kapena ya The Photographer's Ephemeris muone mzere wa dzuwa pa mapu. Ndipo Lamlungu lomaliza la Okutobala amabweza mawotchi ola limodzi, dzuwa n'kumatuluka cha m'ma 7 koloko, kulowa 5 koloko isanakwane bwino.

Malo tsono. Poyambira pabwino ndi Llynnau Mymbyr, tinyanja tiwiri ta pa Capel Curig, m'mbali mwenimweni mwa msewu wa A4086. Mumaima kum'mawa kwake n'kuyang'ana kumadzulo, Yr Wyddfa ndi anzake Crib Goch ndi Y Lliwedd ali ndandanda kutsogolo. Ndi malo a m'mawa: dzuwa lili kumbuyo kwanu, limayamba kugunda nsonga, chigwa chikadali mumdima. Fikani mphindi 45 lisanatuluke. Madzi amakhala bata m'bandakucha, mphepo ikangodzuka chithunzithunzi cha phiri m'madzi chimasweka.

Kachiwiri ndi chigwa cha Ogwen, pa msewu wa A5, osati kutali ndi Bangor. Kuchokera pa Ogwen Cottage pali njira ya miyala yokwera ku Llyn Idwal, kuyenda kosakwana theka la ola. Cwm Idwal amayang'ana kumpoto, ndiye khoma lake lakuda la Twll Du simulipeza lowala ndi dzuwa. Musalimbane nalo. Lijambuleni tsiku la mitambo, nkhungu ikulendewera m'ming'alu, kapena zungulirani nyanjayo mukaime kumutu kwake n'kuyang'ana kumpoto, kumene Pen yr Ole Wen amalandira dzuwa lonse. Tryfan, wa mamita 918, ndiye phiri lokongola koposa m'chigwamo. Amaoneka bwino muli kutsidya kwa Llyn Ogwen, mukukwera m'mbali mwa kamtsinje ka Afon Lloer. Kamtsinjeko kamatsetsereka pa miyala kulunjika kumene kuli phiri, ndiye kamatsogolera diso kokha.

Ku Llanberis kuli kamtengo kamodzi koima m'madzi m'mphepete mwa Llyn Padarn. Aliyense wa kamera anakajambulapo, ndipo m'mawa mukapeza anthu atafola kale. Jambulani kamodzi mtima ukhale pansi, kenako kwerani ku Dinorwig, mgodi wakale wa miyala ya sileti umene unatsekedwa mu 1969. Dera la migodi imeneyi UNESCO inaliika pa mndandanda wake mu 2021. Sileti ikanyowa imatulutsa mtundu wapakati pa buluu ndi pepo, ndipo mvula imene yakulepheretsani kukwera phiri ndi imene imakongoletsa malo amenewa. Khalani pa njira yololedwa, maenje ake ndi akuya.

Nachisale wa ku Highfield

Madala anena za dzuwa ngati kuti mukaliona tsiku lililonse. Harare imalandira mvula pafupifupi mamilimita 800 pachaka, yambiri pakati pa Novembala ndi Malichi. Capel Curig amapitirira 2,500, ndipo pamwamba pa Crib Goch pamapitirira 4,000. Si mvula yathu ya mabingu yogwa ola limodzi n'kukata. Ganizani chiperoni cha ku Mulanje ndi Thyolo, kapena guti amene anzathu Achishona amanena ku Vumba, kenako muwonjezere mphepo. Mvula yake imayenda chopingasa. D5600 sinamatidwe moti n'kutchinga madzi, malenzi anu awirinso ayi, ndiye zogula zoyamba si fyuluta.

Gulani tinsalu topukutira magalasi tinayi kapena tisanu, kalikonse m'kajumbo kake, chifukwa kamodzi kakanyowa kamangopaka madzi. Pezani hood (chotchinga cha kutsogolo kwa galasi) ya lenzi iliyonse ndipo ikhale pomwepo nthawi zonse. Kuphimba kamera sikufuna ndalama: kachipewa kapulasitiki kosambira nako kamakwana bwinobwino pa kamera ndi 18-55, kapena jumbo yoboola kunsonga, yomangidwa pa hood ndi labala. Kachitidwe kake ndi aka: tcherani zonse kamera ili yophimbidwa, pukutani galasi, vundukulani, jambulani, phimbani. Yang'anani galasi lakutsogolo mukatha chithunzi chilichonse. Dontho limodzi pa f/11 limatuluka ngati banga lotuwa limene pa kasikirini ka kamera simuliona, mumakalionera pa kompyuta zinthu zitatha. Ngati n'kotheka fulatirani mphepo. Lenzi musinthire m'chikwama kapena m'kati mwa jekete, pakamwa pa kamera payang'ane pansi.

Choononga makamera ambiri si mvula ayi, ndi kulowa m'nyumba. Nyumba za kumeneko amazitenthetsa, ndiye kamera yozizira ikalowa, chinyezi chimatuluka thukuta pa galasi ndi m'kati momwe. Muli panja, tulutsani khadi ndi batire, ikani kamera m'jumbo ya zipi, tsekani, ndipo muisiye ola lathunthu m'nyumbamo musanatsegule. Mukatero yanikani chikwama chili chotsegula, timapaketi ta silica gel tili pafupi ndi malenzi. Mukasunga lenzi m'chikwama chonyowa masiku angapo, nguwi zimamera m'kati mwa magalasi, ndipo kuzichotsa pa 18-55 kumadula kuposa lenziyo.

Fyuluta yoti mugule ndi imodzi, circular polariser. Kuno timaigwiritsa ntchito kudetsa thambo. Kumeneko ntchito yake ndi kuchotsa kunyezimira pa miyala yonyowa, pa masamba ndi pa madzi, kuti mtundu weniweni utuluke. Mu Okutobala zitsamba za bracken zimene zimakuta mapiriwo zimasanduka zofiirira ngati dzimbiri, koma zikanyowa zimaoneka zotuwa mpaka mutazunguliza polariser. Zungulizani pang'onopang'ono mukuyang'ana, musafike kumapeto nthawi zonse. Pali malo awiri pamene imaononga. Pa nyanja ya bata imafufuta chithunzithunzi cha phiri chimene mwadzukira m'bandakucha, ndiye ichotseni kapena muibweze. Pa 18mm thambo lili loyera, imadetsa mbali imodzi kuposa inzake, chifukwa mphamvu yake imakhala pamene mwaloza madigiri 90 kuchokera kudzuwa. Imadyanso kuwala sitopu imodzi ndi theka mpaka ziwiri (sitopu iliyonse imachepetsa kuwala ndi theka). Werengani kukula kwa pakamwa pa malenzi anu, palembedwa kuseri kwa chivundikiro. Ngati ndi a AF-P, 18-55 ndi 55mm ndipo 70-300 ndi 58mm. Gulani polariser ya 58mm ndi kamphete kokweza kuchokera 55 kufika 58, imodziyo itumikire onse awiri. Dziwani kuti kamphete kakakhalapo hood ya 18-55 mwina siilowa, ndiye tchingani ndi dzanja kapena chipewa.

Batire limodzi silokwanira. Kuzizira kumalifooketsa, ndipo live view (kujambula mukuonera pa kasikirini), imene mudzaigwiritse ntchito kwambiri pa tripod, imalimwa ngati madzi. Onjezani mabatire a EN-EL14a awiri, muwasunge m'thumba lam'kati pafupi ndi thupi. M'ndege mabatire apadera amayenda m'chikwama cha m'manja, osati m'sutikesi. Pulagi ndi yomweyi ya mano atatu amakona imene tili nayo kuno ndi ku Malawi, tchaja yanu ikagwira popanda china.

Musanachoke, yesani fumbi. Ogasiti mpaka Okutobala Harare ndi fumbi lokhalokha, ndipo kamera imene yasinthidwa malenzi m'miyezi imeneyi ili nalo pa sensor. Ikani f/22, lozani pa khoma loyera, focus ikhale yosokonekera, jambulani mukugwedeza kamera. Madontho amene akuoneka ndi fumbi. Pa thambo lotuwa la Wales aliyense adzaoneka. Uzirani ndi kapampu ka labala kamera itayang'ana pansi. Osauzira ndi pakamwa.

Mnyamata wa ku Mufakose

Zikomo Madala, zikomo Mayi. Ndiye fyuluta ya ND ija yochepetsa kuwala, imene aliyense pa YouTube amanena, yopangitsa madzi kuoneka ngati mkaka, ndiisiye? Nanga 18mm ikwanira, kapena ndibwereke lenzi yotambalala kuposa pamenepa? Ndikuopa kuti phiri silikwana m'chithunzi.

Kalulu wa ku Dzivarasekwa

Ase, musabwereke chilichonse. Vuto la anthu oyamba si loti phiri silikwana, ndi loti limachepa. Lenzi yotambalala imakankhira zakutali kutali kwambiri. Mukaima pa Llynnau Mymbyr ndi 18mm, Yr Wyddfa amatuluka ngati chulu, theka la chithunzi thambo, theka madzi. Pamalo amenewo yesani pakati pa 35mm ndi 70mm muone phiri likudzuka. 18mm ndi ya pamene muli ndi chinthu champhamvu pafupi ndi mapazi anu, mwala wa ndere, kamtsinje, mpanda wa miyala, ndipo mugwade kuti chinthucho chikhale mita imodzi kapena iwiri kuchokera pa lenzi. Ngati patsogolo palibe kanthu, 18mm ibwezeni. Ine ndikuti theka la zithunzi zanu zabwino lidzachokera pa 70-300. Mitambo ikang'ambika, kachigamba ka dzuwa kamayenda pa phiri mwina masekondi 20 okha. Ndi 150mm kapena 200mm mumadula kachigambako kokha, kankhosa kapena kanyumba koyera kali m'munsi kuonetsa kukula kwa phiri. Pamanja shutter isatsike 1/500 mukafika ku 300mm, VR (yochepetsa kugwedezeka) yoyatsa, ISO ikwere mpaka 800 kapena 1600 osaopa. Ngati mukufunadi kutambalala, imikani kamera choimirira pa 35mm, jambulani zithunzi zisanu kapena zisanu ndi chimodzi mukuzungulira, chilichonse chikute gawo limodzi mwa magawo atatu a chinzake, zonse pa M (manual) kuti kuwala kusasinthe, polariser yochotsa. Kompyuta idzazisoka.

Katcheredwe ka pa tripod: RAW, ISO 100, f/8. Pa kamera ya mamegapikiselo 24 ngati yanu, f/8 ndi pamene malenziwo amathwa. f/11 ndi yololeka, koma f/16 ndi f/22 zimafewetsa chithunzi chonse chifukwa kuwala kumabalalika podutsa pa kabowo kakang'ono. Pa 18mm ndi f/8, ikani focus pa chinthu chimene chili mamita atatu, ndipo kuyambira mita 1.2 mpaka kuphiri kudzakhala kwakuthwa. Pa 35mm mtunda umenewo umakhala mamita 8, pa 70mm mamita 30. Kupitirira apo ingoikani focus pa phiri lenilenilo. Chitani zimenezi mu live view mutakulitsa chithunzi, kenako tembenuzirani ku manual kuti kamera isayambe kusakasaka m'nkhungu. VR izimitseni pa tripod, apo ayi imafuna kukonza kugwedezeka kumene kulibe. Gwiritsani ntchito timer ya masekondi 2 kapena exposure delay mode.

Tripod yanu yopepukayo mphepo ya kumeneko idzaiseweretsa. Musatulutse timiyendo tating'ono tam'munsi, musakweze mtengo wapakati, tambasulani miyendo, ndipo lamba wa kamera mumuchotse kapena mumukulunge chifukwa amakupiza. Ena amapachika chikwama pansi pa tripod. Chikamalendewera chimagwedeza kwambiri, ndiye chimangeni ndi chingwe kuti chikhudze pansi. Pa dothi la chinyontho kanikizani miyendo ilowe, ndipo musapondeponde pafupi shutter ili yotsegula, nthaka yake imanjenjemera ngati matiresi.

Kuyeza kuwala ndi kumene kumagwetsa anthu. Kamera imafuna chilichonse chikhale chotuwa pakatikati. Mukailoza m'nkhungu imadetsa, nkhungu n'kuoneka ngati phulusa, ndiye onjezani +0.7 kapena +1. Mukailoza pa thanthwe lakuda imawalitsa mpaka thambo kupsa. Musakhulupirire kasikirini, yang'anani histogram (kagirafu koonetsa kuwala kwa chithunzi) ndipo yatsani Highlights kuti popsa paziphethira. Kagirafuko kankhirani kumanja mpaka pafupi ndi khoma, osaligunda. Mithunzi ya RAW ya ISO 100 pa kamera imeneyi imadzuka bwino, koma mtambo wopsa sudzukanso. Thambo likawala kwambiri kuposa chigwa, tcherani bracketing ya zithunzi zitatu zosiyana kuwala ndi masitopu awiri. Apa musataye ndalama pa mafyuluta aja oda theka, chifukwa mzere wake ndi wowongoka pamene phiri ndi la manomano, ndipo nsonga imatuluka yakuda ngati yapsa ndi moto. White balance ya Auto imakonda kuziziritsa zinthu tsiku la mitambo. Ikani Cloudy kuti muziona zoyandikira, zina mukakonza pa RAW. Khadi ya 32GB imatenga zithunzi za RAW pafupifupi 800, ndiye tengani awiri kapena atatu m'malo mwa imodzi yaikulu.

Za ND, Mayi Nachisale ndikugwirizana nawo pang'ono chabe. Pa mathithi simukuifuna. Tsiku la mitambo m'nkhalango, ISO 100, f/11 ndi polariser zimakupatsani kale pakati pa 1/4 ndi sekondi imodzi, ndipo 1/4 kapena 1/2 ndi pamene madzi amaoneka akuyenda koma ulusi wake ukuonekabe. Masekondi 30 amawasandutsa thonje, mphamvu yonse yatha. Koma pa nyanja ya timafunde, ND ya masitopu 6 imathandiza: 1/60 imakhala sekondi imodzi, 1/15 imakhala masekondi 4. Ya masitopu 10 imasandutsa 1/60 kukhala masekondi 17, ndipo ndi tripod yanuyo pa mphepo palibe chimene chidzatuluke chakuthwa. Ndalama ikatsala gulani ya 6. Poigwiritsa ntchito ikani focus musanaivale, ndipo tsekani kadiso koyang'anira kumbuyo kuti kuwala kusalowere kumeneko.

Masiku anu a ku Cardiff musawathere m'masitolo. Basi ya T4 mukaikwera ku Merthyr Tydfil imakaima pa Storey Arms, m'tsinde mwa Pen y Fan, phiri la mamita 886, lalitali koposa kum'mwera kwa Wales, m'dera limene kuyambira 2023 limatchedwa Bannau Brycheiniog m'malo mwa Brecon Beacons. Kuchokera pa Pont ar Daf, pafupi ndi Storey Arms, njira ndi yotakata, makilomita atatu ndi pang'ono, ola limodzi kapena limodzi ndi theka. Mapiri a uku ndi ena: mwala wamchenga wofiira, pamwamba pafulati ngati tebulo, mbali ya kumpoto yodulidwa ngati ndi mpeni, mizere yopingasa ikuoneka. Imani pa Pen y Fan muyang'ane kum'mawa, kumene kuli phiri la Cribyn. Usiku ukakhala wopanda mitambo ndi mphepo, mpweya wozizira umatsikira m'zigwa, m'mawa nkhungu n'kudzaza pansi, nsonga zokha zili pamwamba ngati zilumba. Zikatero fulatirani dzuwa muyang'ane pa nkhungu ya m'munsi, nthawi zina mumaona mthunzi wanu womwe utazunguliridwa ndi kautawaleza. Kukagwa mvula pitani ku mathithi a kufupi ndi Ystradfellte. Pa Sgwd yr Eira njira imadutsa kuseri kwa madzi, koma kumeneko galasi limanyowa m'masekondi awiri, ndiye kansalu kakhale m'dzanja.

Nyenyezi musavutike nazo kwambiri. Madera onse awiri ndi odziwika ndi mdima wabwino, Bannau kuyambira 2013, Eryri kuyambira 2015, koma pakati pa mlalang'amba, pamene kuno mu Juni ndi Julayi pamadutsa pamutu pathu, kumeneko sipakwera ngakhale madigiri 10. Zimenezo mudzajambula ku Nyanga. Chimene kuno sitingachione ndi Polaris, nyenyezi ya kumpoto, imene kumeneko ili madigiri 53 m'mwamba. Kukayera, 18mm, f/3.5, ISO 3200, masekondi 15.

Madala a ku Mbare

Kalulu wanena zoona pa lenzi yaitali. Ndiwonjezere za thupi lanu, chifukwa walira mvula walira matope. Kutentha kumatsika digiri imodzi pa mamita 150 alionse. Pa Llanberis pakakhala madigiri 10, pansonga ndi 4 kapena kutsika, ndipo wojambula amaima malo amodzi theka la ola, thukuta likuzizira pamsana. Jinzi ndi malaya a thonje ayi, zikanyowa siziuma. Jekete ndi buluku zotchinga madzi, nsapato zogwira pa mwala wonyowa, magolovesi opyapyala oti muzitha kutembenuza mabatani, ndi tochi ya pamutu.

Madzulo alionse werengani za nyengo ya m'mapiri pa Met Office kapena pa Mountain Weather Information Service, osati za mzinda wa Bangor. Manambala ofunika ndi awiri. Yoyamba ndi kutalika kwa mitambo: akati ili pa mamita 600, pansonga mukajambula khoma loyera, pamene Llyn Idwal, imene ili pa mamita pafupifupi 370, ili pansi pa mitamboyo ndipo ikuoneka bwino. Yachiwiri ndi mphepo, imene amailemba m'mamailo pa ola, ndiye chulukitsani ndi 1.6. Ikafika mamailo 30 tripod yanu ilibenso ntchito, ikafika 50 ngakhale kuima kumavuta. Tsiku labwino kwa wojambula si la thambo loyera, ndi lija amalemba kuti mvula yodukizaduka ndi dzuwa. Mvula ikayamba musathawe, bisalani kuseri kwa thanthwe kamera ili yotchera kale. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Crib Goch ndi Tryfan musakwere ulendo uno. Onse awiri amafuna manja, ndipo anthu amafa kumeneko. Ngati mukufuna kuyandikira Yr Wyddfa, tengani Miners' Track kuchokera pa Pen-y-Pass, pa mamita 359. Mpaka pa Llyn Llydaw njira ndi yotakata, yoyendeka ngakhale ndi tochi, ndipo chigwacho chimayang'ana kum'mawa, ndiye dzuwa loyamba limagunda nsonga pamaso panu. Malo oimika galimoto pa Pen-y-Pass ndi ochepa, m'nyengo ya alendo amalipiriratu pa intaneti, koma mabasi a Sherpa'r Wyddfa amafika pomwepo. Sitima yokwera phiri kuchokera ku Llanberis, imene inayamba mu 1896, imayenda masana, imangokupatsani theka la ola pamwamba, ndipo mphepo ikakula siifika. Ndi ya ulendo ndi achemwali anu, si ya zithunzi. Gulani mapu a pepala a Ordnance Survey, OL17 ya dera la Yr Wyddfa ndi Ogwen, OL12 ya Pen y Fan, chifukwa m'zigwa netiweki imasowa. Pangozi imbani 999, pemphani apolisi, kenako mountain rescue. Geti lililonse lisiyeni mmene mwalipezera, ndipo mipanda ya miyala musakwerepo, ndi ya alimi a nkhosa.

Masabata atsalawa musangokhala. Pitani ku Domboshava madzulo ndi 70-300 yokha. Utsi wa moto wa m'tchire wa mwezi uno umasanjikiza mapiri akutali mizeremizere, ndipo ndi sukulu yabwino yophunzirira kudula chithunzi. Polariser mukaiyese pa Cleveland Dam kapena ku Chivero m'mamawa, muone mmene chithunzithunzi cha m'madzi chimabwerera ndi kusowa mukamazunguliza. Bracketing mukaiyese pa Kopje dzuwa likulowa. Kenako valani magolovesi, zimitsani nyali, musinthe ISO, f ndi timer mumdima mpaka zala zizolowere.

Nachisale wa ku Highfield

Mwati zopachika pakhoma, ndiye mawu awiri pa kusindikiza. Chithunzi chanu ndi mapikiselo 6000 kwa 4000. Pa 300 pa inchi imodzi chimafika masentimita 51 kwa 34, ndiye A3 imatuluka bwino ngakhale mutadulako pang'ono, ndipo A2 ndi yotheka ngati simunadule. Pepala silitulutsa kuwala ngati sikirini, choncho zithunzi za mitambo yakuda zimene pa laputopu zikuoneka zamphamvu, pa pepala zimatuluka ngati matope. Tsitsani kuwala kwa sikirini kufika cha pakati musanayambe kukonza, dzutsani mithunzi pang'ono kuposa mmene diso likufunira, ndipo chobiriwira musachiwonjezere, udzu wa kumeneko ndi wobiriwira kale moti anthu kuno adzati mwapenta. Tumizani kwa osindikiza ngati JPEG ya sRGB, muyambe ndi kakang'ono ka masentimita 15 kwa 10, mukaonere pa khoma lomwelo limene mukufuna kupachikapo, masana ndi usiku, musanalipire chachikulu.